Kamphepo Adumphanso Chingwe

Uyu ndi Kamphepo. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa sakhala pansi. Kamphepo amakonda kudumpha chingwe.

Koma mtima wa Kamphepo uli ndi vuto. Nthawi zina umagunda mothamanga kwambiri. Ukatero, Kamphepo amatha kukomoka.

Adokotala anamuika kachipangizo pansi pa khungu. Kali pachifuwa, cha kumanzere. Ndi kakang'ono ngati kabokosi ka machesi. Kamamvetsera mtima nthawi zonse. Mtima ukasokonekera, kachipangizoko kamauwongola ndi mphamvu ya magetsi.

Bala litapola, Kamphepo anabwerera kusukulu. Adokotala anamulola kusewera. Koma anzake ankaopa. Ankati akhale pamthunzi. Ankati aziwasungira nsapato.

"Ine si mlonda wa nsapato," anatero Kamphepo. "Zunguzani chingwe."

Anadumpha Lolemba. Anadumpha Lachiwiri. Anadumphanso Lachitatu.

Lachinayi, ali mkati modumpha, anamva chizungulire. Kenako pachifuwa panamveka phu! Zinali ngati wamenyedwa ndi mpira. Zinapweteka.

Kamphepo anakhala pansi. Anzake anasiya chingwe. Wina anayamba kulira.

Kamphepo nayenso anachita mantha. Koma anakumbukira zimene adokotala anamuphunzitsa. Anapuma pang'onopang'ono. Anatuma mnzake wina kukaitana aphunzitsi. Anatuma wina kukatenga khadi la kuchipatala m'chikwama mwake.

"Usalire iwe," anauza wolirayo. "Kachipangizo kanga kagwira ntchito."

Aphunzitsi anawerenga khadilo. Anaimbira foni mayi ake. Mayi anafika ali wefuwefu, nsapato imodzi ili m'manja.

Kuchipatala, adokotala anaika makina pafupi ndi chifuwa chake. Pakompyuta panaoneka mizere. Mizere ina inali yopingasapingasa. Kenako inawongoka.

Adokotala analoza ndi chala. Anati apa mtima unathamanga. Anati apa kachipangizo kanauwongola. Anamusinthira mankhwala. Anati apume kaye masabata awiri.

"Ndikapuma, ndidzadumphanso?" anafunsa Kamphepo.

"Udzadumpha, mwanawe. Uziyamba pang'onopang'ono. Ukatopa, uzipuma."

Masabata awiri anatha. Kamphepo anapita pabwalo. Anzake sanamutumenso kumthunzi. Anamupatsa malo oyamba. Anadumpha kakhumi, n'kupuma. Anadumphanso kakhumi, n'kuseka.

Ataweruka, mng'ono wake anamuchingamira pakhomo. Anafuna kumva kachipangizoko. Anaika khutu pachifuwa pa Kamphepo. Anamvetsera. Anamvetseranso.

"Sikakulankhula," anadandaula.

"Nanga ukumva chiyani?"

"Du, du, du. Koma m'mimbamu muli chinachake chikulira."

Mayi anaseka mpaka kugwira chitseko. Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Imeneyo ndi njala," anatero Kamphepo. "Tiyeni tikadye."