Mwala Umene Kamphepo Anatsuka

Kamphepo anali mtsikana wa phuma. Kudya, mothamanga. Kusesa, mothamanga. N'chifukwa chake ankamutcha Kamphepo.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusangalatsa bambo ake.

Bambo ake anali okonza mawotchi. Koma mtima wawo unali pa miyala. Sinali miyala wamba ayi. Inali miyala yogwa kuchokera kuthambo. Ankati inabenthuka ku zimiyala zikuluzikulu zozungulira dzuwa. Ankaisunga m'kabokosi koyalamo thonje.

Mwala umodzi ankaukonda kwambiri. Unali wakuda bii, ngati kunsi kwa poto. Tsiku lina ananena kuti mawa lake akauonetsa kusukulu ya Kamphepo.

Bambo atapita kuntchito, Kamphepo anatsegula kabokosi. Anauyang'ana mwala uja. Unali wakuda. Anaganiza kuti anzake adzawaseka bambo ake. Munthu n'kubwera ndi mwala wosatsuka?

Anatenga madzi. Anatenga sopo. Anatenga kawaya kotsukira mapoto. Anakwecha, koma kuda sikunachoke. Ndiye anaukwecha pa simenti ya pakhonde. Anakwecha, anakwecha, anakwechanso. Mbali imodzi inatuwa mbuu.

Bambo atabwera, Kamphepo anawathamangira. Anawapatsa mwala ndi manja awiri, akumwetulira.

Bambo sanamwetulire. Sanakalipe. Anangokhala pansi.

"Mwana wanga, kuda kuja sikunali litsiro," anatero. "Ndi khungu lake. Mwalawu unapsa pobwera kuchokera kuthambo."

Kamphepo anamva chisoni. Anafunsa ngati angaupake polishi wa nsapato. Bambo anapukusa mutu. Anafunsa ngati angauotche pamoto. Bambo anapukusanso mutu. Madzi akatayika saoleka.

"Pepani, ababa. Ndikanafunsa kaye," anatero Kamphepo. Misozi inatsika.

Amayi anabwera ndi kansalu kouma. Anati kulira kudikire, mwala usachite dzimbiri. Kamphepo anaupukuta. Anaupukuta bwinobwino, uku akusisima.

Bambo anatenga kagalasi kawo koonera mawotchi. Anayang'ana mbali yotuwa ija. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamuitana Kamphepo kuti aone.

Kamphepo anatsinzina diso limodzi. Anaona timadontho tating'onoting'ono. Tinali kunyezimira. Bambo anati ndi tizitsulo ta mkati mwa mwala.

"Zaka zonsezi ndinali ndisanaonemo mkati," anatero bambo. "Khungu lija ndikulidandaula. Koma iwe ndiwe mwana wanga. Mawa udzaonetse ndiwe."

Mawa linafika. Kamphepo anaima patsogolo pa anzake. Anakweza mwala uja. Anaonetsa mbali yakuda.

"Mbali iyi inapsa kuthambo," anatero. Kenako anautembenuza mwala. "Mbali iyi ndinakwecha ine, osafunsa. Sidzadanso."

Palibe amene anaseka. Ana anaima pamzere. Aliyense anatsinzina diso limodzi. Aliyense anaona timadontho tija. Ngakhale aphunzitsi anapempha kuona kawiri.

Pobwerera, bambo anamugwira dzanja Kamphepo. Dzanja lawo lina linali m'thumba, momwe munali mwala. Kamphepo anafunsa ngati akadali okhumudwa.

"Pang'ono," anatero bambo. "Nanga iwe?"

"Inenso pang'ono."

Bambo anamufinya dzanja. Anayenda limodzi mpaka kunyumba, komwe amayi ankawadikira pakhomo.