Nsambo Zinayi za Banjo ya a Hezekiah

Stephano ankaimba banjo pamsika wa Huruyadzo, pakati pa amayi ogulitsa matimati, ndipo anthu ankangomudutsa ngati mtengo wa magetsi. Kunyumba ku Unit C ankabwerera ndi matimati ophwanyika omwe amayiwo ankamupatsa chifukwa cha chisoni. Mkazi wake Rozina ankachapa zovala za eni, mwana wawo Tinevimbo ali kumsana.

Nyimbo zomwe ankaimba zinali za bambo ake, a Hezekiah, amene ankakhala nawo m'nyumba yomweyo. Iwo anakulira m'mafamu a fodya a dziko lino la oyankhula Chishona, ndipo nyimbozo anaziphunzira kwa bambo awo amene anachoka ku Malawi wapansi. Banjo yawo inali ya chigubu cha mafuta, yokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, ya nsambo zinayi za waya wa mabuleki a njinga. Nyimbo iliyonse inkatchula midzi, mitsinje ndi abale otsala kumudzi. A Hezekiah anali asanapondeko ku Malawi, koma akayamba kuimba ankafika mpaka pakhomo pa agogo awo osasochera.

Chomwe chinkamuwawa Stephano chinali Sunday, mnzake wa kusukulu. Sunday sankadziwa kugwira nsambo, koma anali ndi kiyibodi ndi kompyuta, ankaitanidwa ku maukwati, ndipo anali atagula galimoto.

"Baba, nyimbo zanuzi ndikufuna ndiziikemo ng'oma za pa kompyuta," anatero Stephano tsiku lina. "Vanhu vanoda kutamba. Anthu amafuna kuvina."

"Ikamo, mwanawe," anayankha a Hezekiah akuseka. "Inenso agogo ako ankandikalipira kuti ndimathamanga ngati ndaba. Koma mayina usachotse. Mayinawo ndiwo njira."

Stephano anayesa, koma palibe amene anacheuka. Sunday atamvera anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mukoma, izi ndi za pamaliro! Pita kuseri kwa mabala a mowa uko, kwa mkulu wokonza mawailesi. Amakonza zambiri."

Stephano anapitako dzuwa lili paliwombo. M'kachisakasamo munali mawailesi akufa ounjikana mpaka kudenga, koma atangolowa imodzi inayamba kunong'ona popanda batire. Mkuluyo sanadzutse mutu.

"Ndimakumva tsiku lililonse. Umaimba bwino, koma umaimba ndi njala."

"Ndikufuna nyimbo zanga zilowe m'nyumba iliyonse, agogo."

"Kuti nyimbo ilowe kwina, iyenera kutuluka kwina."

"Mufuna chiyani? Nkhuku? Mbuzi?"

"Ukuona khola pano? Ndikufuna nsambo. Osati za banjo yako, za banjo ya bambo ako. Nyimbo imodzi, nsambo imodzi. Uimasule ndi dzanja lako, iwo akuona, mukucheza bwinobwino. Ndipo mayina a anthu akufawo uwachotse, amalemeretsa nyimbo."

Stephano anafunsa kuti, "Kodi adzafa?"

"Ndani wanena za imfa? Nkhalamba imasenza zambiri m'mutu. Tingoipepuzako." Apa m'pamene mkuluyo anamuyang'ana. "Koma ukayamba umalize. Zonse zinayi."

Loweruka lake Stephano anakhala ndi bambo ake pakhonde. "Baba, nsambo iyi yachita dzimbiri, ndikusinthireni."

"Wandikumbukira, mwanawe," anatero a Hezekiah, n'kumupatsa banjoyo ndi manja awiri. Madzulo ake nsamboyo inali kwa mkulu wa mawailesi.

Mwezi usanathe nyimbo yoyamba inali m'minibasi iliyonse, zija amati kombi, yochoka pa Town Centre. Pamene panali mayina a midzi, Stephano anaikapo mawu a Chishona oitanira anthu kuvina. Rozina analeka kuchapa za eni. Anasamukira m'nyumba ya mpanda, Tinevimbo n'kupeza kabedi kakekake.

M'mawa wina a Hezekiah anatenga banjo, anaigunda kawiri, n'kusiya.

"Stephano, nyimbo ija yowoloka mtsinje imayamba bwanji?"

Stephano anatsegula pakamwa kuti awakumbutse, koma zomwe zinatuluka zinali za kuvina zokhazokha. Anadziuza kuti ndi ukalamba chabe.

Nsambo yachiwiri inabweretsa galimoto yoposa ya Sunday. Sabata yomweyo a Hezekiah anaima kutsogolo kwa chithunzi cha malemu mkazi wawo, a Dorica, n'kufunsa Rozina kuti mayi wokongolayu ndi wa kwa yani.

Itapita yachitatu, Chichewa chonse chinawachoka. Anatsala ndi timawu ta Chishona ta kufamu. Ankadzuka akusaka khasu, akunjenjemera kuti kapitawo awakalipira, ndipo akaona mwana wawo atavala suti ankavula chipewa.

Rozina anamuimika mwamuna wake pakhomo. "Bambo a Tine, n'chifukwa chiyani apongozi amaipiraipira nyimbo yanu ikangotuluka? Ndiyang'aneni kumaso."

"Ndi matenda a nkhalamba, mayi a Tine. Tiwapititsa kwa dokotala wamkulu."

"Dokotala adzawabwezera dzina la mkazi wawo?"

Stephano anamulambalala n'kutuluka. Masana omwewo anathamangira ku Huruyadzo, kwa mkulu wa mawailesi uja.

"Agogo, zakwana. Zomwe ndili nazo zandikwanira."

"Zakukwanira?" Mkuluyo anapitiriza kusanthula wailesi. "Ndamva kuti akukuitana ku Joni."

Zinali zoona, ndipo mtima wa Stephano unali kale pa ulendowo.

"Ngati nkhalambayo ukuimvera chisoni, isiye. M'nyumba mwako muli mutu wina wofewa. Kodi kamtsikana kako kayamba kuyankhula?"

"Mwana wanga musamutchule!"

"Ndiye bweretsa nsambo."

Anawapeza bambo ake pakhonde atakumbatira banjo ngati mwana. Atatambasula dzanja, iwo anaikanikiza pachifuwa.

"Ndimi ani?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti ndinu ndani.

"Ndine Stephano, baba. Mwana wanu."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamasula manja, osati chifukwa chomuzindikira koma chifukwa anazolowera kumvera munthu wa suti. Stephano anamasula nsambo yotsalayo. Patapita masiku atatu a Hezekiah anamwalira pakhonde pomwepo, masana, chigubucho chili pamiyendo.

A Hezekiah anali m'sosaite ya maliro ya mbumba za matchona, anthu omwe makolo awo anabwera kudzagwira ntchito osabwereranso kwawo. Sosaiteyo inali ndi mwambo wake. Asanatseke bokosi, mwana wa malemu ankagwada kumutu n'kumuuza njira: mtsinje wowoloka, phiri lokhotera, mudzi, ndi dzina la womulandira. Thupi linkatsala m'dothi la eni, koma mwini wake ankapita kwawo.

Wapampando wa sosaite, a Winston, anakodola Stephano. "Bwera, mwana wathu. Auze bambo ako kolowera."

Stephano anagwada. Nkhope ya bambo ake inali ngati ya munthu amene akudikira yankho. Anafufuza m'mutu mwake, anapezamo ng'oma za pa kompyuta zokhazokha.

"Usafulumire," anatero a Winston. "Ngati mawu akuvuta, ingoimba. Zonse zili m'nyimbo zawo."

Anaimba. Zinatuluka zomwe zija za m'makombi, zoitanira atsikana kuvina, pamutu pa maliro. Amayi anaphimba nkhope ndi zitenje. A Winston anafunsa akuluakulu mmodzimmodzi, koma aliyense ankadziwa njira ya kwawo yokha. Wina anati ankamva ngati ndi ku Dedza, wina anati ayi, ndi ku Ntcheu. Anadikira mpaka mithunzi inatalika, oyendetsa lole ya maliro akudandaula.

Pomaliza a Winston anatseka bokosi okha. "Sitingawatumize kumudzi kwa eni. Ndiye kuti atsala konkuno, ndi iwe."

Ku Joni Stephano sanapiteko. Pa ukwati woyamba umene anaimba maliro atatha, anamva wina akukunga nsambo kumbuyo kwake. Anacheuka, kunalibe munthu. Atayambanso anamva mawu ofatsa pafupi ndi khutu: "Tikhotere kuti, mwanawe?" Anaponya maikolofoni pansi n'kutuluka, akwati akuyang'ana. Mawuwo anamutsatira m'galimoto, m'bafa, ngakhale m'tchalitchi. Sankakalipa, ankangofunsa. Galimoto anaisiya pamsewu zitseko zili pululu. Nyumba ya mpanda inapita, nyimbo zake anthu anatopa nazo ngati mmene amatopera ndi zina zonse.

Lero mukafika pa Town Centre mudzaona munthu wa suti yong'ambika akuyenda kombi ndi kombi. Amagogoda pazenera la dalaivala mwaulemu n'kunena kuti ali ndi nkhalamba yofuna kupita kwawo. Akamufunsa kuti kwawoko n'kuti, amaima kukamwa kuli yasa, kenaka amapita pa kombi yotsatira. Masana Rozina amamubweretsera chakudya, ndipo Tinevimbo amamugwira chala mpaka atadya. Lachinayi lililonse Rozina amakhala ndi amayi achikulire a kutchalitchi, kulemba m'kope nyimbo zomwe iwo akukumbukira, kuti mwanayo akule ali nako koyambira.

Nyimbo yakale kuiveka chovala chatsopano si tchimo, a Hezekiah eni ake analola. Chomwe chinamudya Stephano ndi dyera, kufuna kulemera lero lomwe ngakhale mtengo wake utakhala munthu amene anamulera. Chuma cha mankhwala sichichokera kumwamba, chimachotsedwa mwa wina wa m'nyumba mwako, ndipo amene amayamba kulipira ndi uja amakukhulupirira kwambiri. Ife amene tili ndi ana aang'ono tipirire ndi zochepa zathu, ndipo makolo akadali moyo tikhale nawo pansi tiwafunse mayina.