Nyimbo Imene Mayi Anaimva ndi Manja

Chitsiriza atafika pashopu yawo yosokera zovala kuchokera kusukulu, anapeza mayi ake akuphwasula jekete yofiira. Anali atayambira mkono wakumanzere, akudula ulusi umodziumodzi ndi lezala, nkhope ili gwa. Jeketeyo anaisoka kuti mwana wawo wamkulu adzavale Loweruka masana, pokhazikitsa chimbale chake choyamba.

Mwana wamkuluyo ankaimba rapu, ndipo anthu ankamudziwa ndi dzina loti Singano, poti anakulira m'munsi mwa makina osokera. Mayiwo anabadwa osamva. Ankalankhula ndi manja, moti ana awo awiriwo anadziwa chinenero chamanja asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato.

Chitsiriza anawagwira paphewa kuti amuyang'ane. "Amayi, mukutani?" anafunsa ndi manja.

Manja a mayiwo anayankha mwaukali. "Mkulu wako wandivula pagulu. Umuuze kuti pakhomo panga asadzapondepo."

Pakona, pamwamba pa thumba la zigamba, panali patakhala azakhali, achemwali a malemu bambo ake. Azakhaliwa chinenero chamanja ankangochidziwa mwapatalipatali, koma nkhani yoipa ankatha kuifotokoza bwinobwino popanda kuphonya.

"Usandiyang'ane choncho iwe," anatero azakhaliwo. "Ndadzimvera ndekha muminibasi, ndi makutu angawa. Nyimbo yake ikuti, mayi ako ndi gonthi, ukafuna kumuitana umugende ndi mwala. Anthu onse kumamvetsera. Ine manyazi anandigwira mpaka ndinatsikira pasiteji yosakhala yanga."

"Munaimva mpaka kumapeto, azakhali?"

"Kumapeto kwa chiyani? Chipongwe chimakhala ndi kumapeto kwabwino?"

Chitsiriza anatembenukira kwa mayi ake kuti awapemphe adikire kaye, koma mayiwo anaika manja patebulo la makina n'kutseka maso. Mtsikanayo anatsitsa manja ake. Munthu wakumva ukamakangana naye, ngakhale akufulatire, mawu ako amamupezabe. Koma mayi ake akatseka maso, nkhani inkathera pomwepo, ndipo ankatha kukhala choncho mpaka munthu utatopa n'kuchoka.

Vuto lina linali loti Chitsiriza nayenso anali asanamvetsere chimbalecho. Ankachiopa, chifukwa kusukulu sabata yonseyo aliyense anali atasanduka katswiri wa nyimbo. Atsikana ena ankati Singano waposa anyamata onse. Anyamata ankati amangokuwa ngati woitanira minibasi. Ena ankati chimbalecho chikanakoma akanaimba mwamuna. Ukawafunsa nyimbo imene amva, ankayamba kukanda m'mutu n'kunena kuti anamva kwa mnzawo. Chitsiriza ankangowerama, poopa kuti mwina onyozawo akunena zoona.

Tsikuli analibenso kothawira. Anazungulira kuseri kwa shopu, n'kukhala pa kreti, n'kuvala timahedifoni. Anafufuza pafoni mpaka anaipeza nyimboyo. Inayambadi monga ananenera azakhali. Munali mawu a ana akuimba monyoza, mawu omwewo amene iye ndi mkulu wake ankawamva popita kusukulu ali aang'ono. Chala chake chinatsala pang'ono kudina poimitsa.

Kenako mawu a anawo anaduka mwadzidzidzi. Kunamveka phokoso lina: tchaka, tchaka, tchaka, gu. Tchaka, tchaka, tchaka, gu. Chitsiriza anadzidzimuka. Phokoso limeneli analimva moyo wake wonse. Lamba wa makina a mayi ake anaduka kalekale, ndipo anamulumikiza ndi waya, ndiye wayayo akamadutsa pagudumu makinawo ankagunda ngati munthu wotsimphina. Anakumbukira tsiku lina atapeza mkulu wake atagona chafufumimba pansi pa makinawo, foni ili m'manja, mayi akusoka osadziwa kanthu. Pamwamba pa kugundako, mawu a Singano analowa:

"Munati samva, koma njala yanga anaimva,
ndisanayambe kulira, iye anali atadzuka.
Inu a makutu awiri, mwamvapo chiyani?
Yunifolomu mwavalayo, anasoka ndani?"

Nyimbo itatha, Chitsiriza anapukuta misozi n'kuimbira foni mkulu wake. Anamufotokozera zonse, za jekete ndi za maso otseka.

"Nyimbo imeneyo ndinalembera iwo," anatero Singano. "Ndimafuna adzaione Loweruka, ndikuimba ndi manja. Ngati sabwera, sindiimba. Ndibwere pompano?"

"Ayi, achemwali. Mukabwera atseka maso mpaka chaka chamawa. Ndisiyireni ineyo."

Khomo loyandikana ndi shopu yawo linali la bambo wometa tsitsi, amene anali ndi sipika yaikulu ndi maganizo pa nkhani iliyonse ya padziko lapansi. Chitsiriza anamupeza akumeta kasitomala.

"Ankolo, tandibwerekeni sipika yanu pang'ono."

"Ukufuna kuika nyimbo za mkulu wako zija?" anafunsa wometayo osasiya ntchito. "Ine ndinanena kale. Mtsikana wa mawu abwino ngati uja akanalowa kwaya. Rapu ndi ya anyamata ogwetsa mathalauza."

"Mwamvapo nyimbo iti, ankolo?"

"Ine sindifunika kumva kuti ndidziwe. Komanso sipika ukufuna umvetse ndani? Mayi akowo?"

"Eya, mayi angawo."

Wometayo anamuyang'ana ngati wasokonezeka mutu, koma chidwi chinamuposa. Anazula sipikayo yekha n'kumutsatira, kasitomala wake ali pambuyo, mutu utametedwa mbali imodzi.

Mayi anali akadali momwe anawasiyira, maso ali chitsekere, zikhatho zili patebulo la makina. Chitsiriza anaika sipikayo patebulo lomwelo mosamala, pakati pa manja awo awiri.

"Iwe, ukufuna msika wonse umve mayi ako akutukwanidwa?" anatero azakhali akudzuka.

"Mumve mpaka kumapeto, azakhali. Pano palibe siteji yotsikira."

Anakweza voliyumu mpaka kumapeto n'kudina. Mawu a ana onyoza aja anadzaza shopu yonse, ndipo anthu odutsa anayamba kuima pakhomo. Azakhali anagwira pakamwa. Mayi sanasunthe, chifukwa mawu opyapyala ngati amenewo thabwa silinjenjemera nawo. Chitsiriza anayamba kuopa kuti nzeru yake yalephera.

Kenako kugunda kuja kunayamba. Mapini amene anali m'kambale anayamba kudumpha, ndipo sizasi inasuntha yokha. Zala za mayi zinagwedezeka. Anakanikiza zikhatho zawo pathabwa, nsidze zitakumana. Tchaka, tchaka, tchaka, gu. Pansi pa tebulo, phazi lawo linafufuza chopondera cha makina n'kuyamba kupalasa pang'onopang'ono. Gudumu linazungulira, waya unadutsa, ndipo makina anagunda pamodzi ndi sipika, osasemphana ngakhale pang'ono.

Mayi anatsegula maso. Anayang'ana sipika, anayang'ana lamba, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Awa ndi makina anga," anatero ndi manja. "Akutani m'menemu?"

Chitsiriza anaibwezera nyimboyo poyambira. Anaima patsogolo pa mayi ake n'kuyamba kumasulira ndi manja. Sanabise kanthu. Anamasulira ngakhale mawu onyoza aja, ndipo anaonetsa kuti ndi mawu a ana a m'njira, osati a Singano. Atafika pa mawu a mkulu wake, manja ake anathamanga moti mapewa anayamba kumuwawa, koma sanaphonye mzere. Nyimboyo inkanena za mayi amene ankagona dzanja lili pachifuwa cha mwana kuti akatsokomola adziwe, mayi amene ankapita kumisonkhano ya makolo kusukulu n'kukhala kutsogolo ngakhale panalibe womumasulira.

Nyimbo inatha. Mayi wina wogulitsa tomato ankapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake.

Woyamba kulankhula anali wometa uja. Anakonza kukhosi n'kunena kuti, "Ine ndinanena kale kuti mtsikanayu ali ndi luso. Taibwezerenso."

"Ankolo, munati akanalowa kwaya," anatero kasitomala wake, ndipo anthu onse pakhomo anaseka.

Azakhali sanaseke nawo. Anawerama n'kutola mkono wa jekete umene unagwera pansi, anaukuntha fumbi, kenako anauika pamiyendo pa mlamu wawo. Anapinda chibakera n'kuchizunguza pachifuwa, chizindikiro chopepesa, chimodzi mwa zochepa zimene ankazidziwa koma sankazigwiritsa ntchito kawirikawiri.

"Ndinatsika msanga," anatero motsitsa mawu.

Chitsiriza anagwada pafupi ndi makina. "Amayi, aliyense wanenapo maganizo ake pa chimbalechi. Inuyo mukuti bwanji?"

Mayiwo anaganiza kaye monga amachitira poyeza nsalu yodula. "Umuuze kuti chakumapetoko akuthamanga kwambiri. Munthu ukapalasa choncho, msoko umakhota." Kenako nkhope yawo inamasuka, ndipo anaseka misozi ikutsika. "Umuuzenso abwere adzayese jekete. Wawonda, ndamuona pachithunzi."

Loweruka masana holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Anzake a Chitsiriza a kusukulu analipo, ngakhale aja ankati Singano amangokuwa. Wometa anakhala kutsogolo, akuuza aliyense kuti mtsikanayo anakulira pakhomo pake. Mayi anakana mpando. Anaima pambali pa sipika yaikulu kwambiri, chikhatho chili pamenepo, azakhali atawanyamulira chikwama.

Singano anatulukira atavala jekete yofiira. Pamkono wakumanzere pankaoneka timabowo ta msoko woyamba, koma iye anali atakana kuti abisepo. Anaimba nyimbo zina zonse maikolofoni ili m'manja, akudumpha uku ndi uku. Itafika nyimbo ija, anaika maikolofoniyo pachoimikira kuti manja ake akhale omasuka. Anaimba ndi pakamwa ndi manja nthawi imodzi, maso ali pa munthu mmodzi yekha, ndipo chakumapeto anachepetsa liwiro.

Anthu atayamba kuwomba m'manja ndi kuimba malikhweru, Singano anawaletsa. Anakweza manja ake onse m'mwamba n'kumagwedeza zikhatho, monga amayamikirira anthu osamva. Mzere woyamba unamutsanzira, kenako wachiwiri, mpaka aja a m'mawindo.

Chitsiriza anagwira mayi ake paphewa n'kuwatembenuza. Holo yonse inali manja okhaokha, akugwedezeka m'mwamba, ndipo onse ankayang'ana iwo. Misozi inadzaza m'maso mwa mayiwo moti ankaona mwachimbuuzi, koma ulendo uno maso sanatseke.