Thunthu la Nthochi

Vitalis anamutulutsa ku msasa wa odwala nthomba dzuwa litapendeka, chaka chotsatira nkhondo ya Ajeremani. Msasawo unali kutchire, kuseri kwa Limbe, ndipo wolowako sankaonananso ndi wachibale aliyense. Akafa ankakwiriridwa komweko, abale n'kungouzidwa pakamwa. Vitalis analowa mvula isanagwe, anatuluka anthu atakolola kale. Nkhope inali zipsera zokhazokha, mawu osasa, katundu wake bulangete lofiira lakumsasa basi.

Mtima wake unali ku Nancholi. Kumeneko anasiya mkazi wake Felicia ali woyembekezera, ndipo mwanayo anali asanamuone, kaya ndi wamwamuna kaya wamkazi. Wanzeru akanagona ku Limbe n'kulawirira mawa. Koma Vitalis anali atatopa ndi kudikira.

Pafupi ndi siteshoni anapeza Alidi, Myao woyendetsa ngolo ya ng'ombe yonyamula katundu wa Amwenye. Alidi anamuyang'ana nkhope ija n'kulavula pansi.

"Khalani kumbuyo uko, achimwene. Musandikhudze."

Anafika pa Chichiri kunja kutada. Ng'ombe zinangoima pakati pa msewu. Alidi anazikwapula, koma ayi ndithu.

"Tsikani," anatero osacheuka. "Mnzanuyo ng'ombe zanga zikumukana."

"Mnzanga uti?"

Alidi anangomulozera pansi ndi chikwapu. Vitalis atangoponda pansi, ngolo inanyamuka ngati yopanda katundu.

Analowa njira yachidule yotsikira ku mtsinje wa Naperi. Kumbuyo kwake kunkamveka fwaa, fwaa, ngati wina akukoka masamba ouma. Akaima, nako zii. Akayamba, fwaa. Atawoloka mtsinje anangoona munthu ali pambali pake, msinkhu wofanana naye, atafunda nsalu yakuda ya biriwita kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ankanunkha nthochi yongodula kumene.

"Ulendo wa kuti, bambo?" anafunsa Vitalis.

"Ndabwera kudzakuchingamirani. Tikupita kwa Felicia."

Vitalis tsitsi linamuima. Mawuwo anali ake, mawu ake akale nthomba isanamuwononge pakhosi. Mwezi utawala anaona chigamba chofiira m'mphepete mwa nsaluyo. Amene anachisoka ndi Felicia. Nsaluyo inali ya Vitalis yemweyo, anaisiya kunyumba, mudengu.

"Ine ndimapitako usiku uliwonse," anapitiriza munthu uja. "Satsekula."

Vitalis anathamanga. Atafika pakhomo pake anagogoda ndi manja onse awiri.

"Odi, Felicia. Ndine Vitalis. Ndachira, andimasula."

M'nyumba mwana anayamba kulira, kulira kofooka kwa mwana wodwala. Kenako anamva mkazi wake pafupi ndi chitseko, akuyankhula motopa ngati munthu wobwereza zomwe wanena kambirimbiri.

"A Vitalis, tinakulakwirani chiyani? Mthenga anabwera kudzatiuza kuti munafa. Mtembo anatikaniza. Tinachita monga amachitira: tinadula thunthu la nthochi, tinalikulunga m'nsalu yanu, tinaika m'manda, tinameta. Nanga osagona bwanji?"

"Mthengayo analakwitsa. Ndili moyo ine. Tulutsani dzanja mundikhudze."

"Dzulo munanenanso zomwezo."

Vitalis anayamba kutchula zodziwa awiri okha: chipsera cha moto pabondo pa Felicia, nyimbo imene ankamuimbira popita kudimba, tsiku limene anathyola mpini wa khasu la apongozi n'kunamizira mbuzi. Felicia ankangosisima.

"Zonsezo munanena kale. Lero mwabwera ndi mawu achilendo kuti mundinyenge. Onani, mukagogoda Mildred thupi limatentha, bere amalikana. Watsala mafupa okhaokha. Ngati munamukondapo mwanayu, pitani kumalo kwanu."

Umu ndi mmene Vitalis anadziwira kuti anabereka mwana wamkazi, ndiponso dzina lake. Zinamupweteka kuposa nthomba.

Anakhala pakhonde, msana pachipupa. Anadziuza kuti kukacha amuona ndi maso, amukhudza, nkhani itha. Fungo la nthochi linamufika. Wa biriwita uja anali atakhala pambali pake.

"Kukacha akulandirani, n'zoona," anatero motsitsa. "Koma usiku ine ndidzabwerabe. Manda aja anakumbira inu. Ine nthaka imandilavula, ndipo kwina kopita sindikudziwa. Mwanayo sauona mwezi wina."

"Tikakufukulani? Tikakutenthani?"

"Dzenje lidzatsala lapululu. Lidzaitana wa magazi anu."

Vitalis anatchera khutu kuchitseko. M'nyumba mwana ankabuula, mayi ake akumuimbira nyimbo ija yakudimba. Vitalis analira mosatulutsa mawu, kuopa kumudzidzimutsa. Anaika chikhatho pachitseko, koma sanagogode.

"Nanga ndikapita ineyo kudzenjeko?"

"Ine ndipuma. Mwananso apuma."

Tambala anali asanalire.

Mamawa Felicia atachotsa mpiringidzo anapeza pakhonde thunthu la nthochi lofota, lokutidwa ndi bulangete lofiira limene sanalionepo. Pafumbi panali mapazi a munthu, enieni, okhala ndi zala, olowera kumanda. Amuna anawatsata mpaka pa mtumbira wa Vitalis. Dothi linali losakhudzidwa, udzu utamera bwinobwino. Mapaziwo anathera pomwepo.

Tsiku lomwelo Mildred anayamwa.

Nkhani inafika ku Limbe, ndipo Alidi analumbira kuti ananyamula munthu wamoyo, wa zipsera kumaso, amene njira yonse ankangokamba za mwana wake. Ena ankanong'ona kuti mthenga uja ananena zoona, ndipo Alidi ananyamula mzukwa. Ena ankati ayi, bulangete la mzukwa silikhala ndi nsabwe.

Felicia anamva zonsezo. Kuyambira pamenepo sanaikenso mpiringidzo pachitseko, ngakhale m'miyezi yozizira, ngakhale afisi akulira kumtsinje. Anakalamba akugona chitseko chili pululu. Palibe anagogodanso.