Sopo wa ku Milange

Minibasi itangoima pa steji ya Muloza, anyamata a kabaza anaithamangira ngati nkhuku zaona madeya.

"Achemwali, yanga ili ndi khushoni yatsopano!"

"Musakwere ya ameneyo, ilibe mabuleki."

Anesi anawadutsa onse, atakumbatira kachikwama kake pachifuwa. Mmodzi yekha ndiye sanagonje. Anamutsatira akukankha njinga yobiriwira.

"Wakuti ulendowu, achemwali?"

"Kukomboni ya esiteti."

"Mtunda wonsewo wapansi? Kwerani. Ndikakugwetsani, njingayi mutenge ndinu."

"Sindikwera njinga."

"Mumaopa?"

"Sindikwera basi."

"Chabwino. Ikwere mphepo, ife tiyende."

Anali Hopewell ameneyo. Njira yonse yodutsa m'minda ya tiyi anangokhalira kulongolola, njinga ili yopanda munthu. Pofika kukomboni, Anesi anali ataseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo nambala yake ya foni inali itapita.

Koma n'chifukwa chiyani mtsikana wotopa akanakana njinga yaulere?

Anesi anali ndi chinsinsi. Chaka chapitacho anayamba kumva kuyabwa kumalo obisika. Khungu la kumeneko linatuwa, linapyapyala, n'kumang'ambika ngati pepala lonyowa. Atamuuza Felix, chibwenzi chake cha nthawi imeneyo, mnyamatayo anangofunsa funso limodzi: "Wawatenga kwa ndani?" Sanabwerenso.

Kuchipatala, namwino anamuuza dzina la matendawo, lichen sclerosus, dzina limene lilime lake linkapunthwa nalo mpaka pano.

"Si opatsirana, mwana wanga," anatero namwinoyo. "Sunawatenge kwa munthu, ndipo sungam'patse munthu. Koma satheratu. Timangowagoneka tulo."

Anam'patsa mankhwala opaka ndi malangizo. Sopo wonunkhira ayi. Zovala zothina ayi. Kugudubuzika pa kaliyala wa njinga ayi. Za zakudya anati aziona yekha zimene zikumuputa. Anesi anasiya tsabola ndi zakumwa za m'mabotolo. Ngakhale ankagwira ntchito ku nazale ya tiyi, tiyi wothira shuga wambiri anamutsanzika. Anazolowera mapeyala, nandolo, bonongwe ndi madzi ambiri. Pang'onopang'ono thupi linayamba kumumvera.

Ndiye kunabwera Hopewell ndi mauthenga ake a m'mawa.

"Wadzuka bwanji, nanazi wanga? Phiri lero labisala m'mitambo. Lachita manyazi litakuona."

"Bodza lidzakupha iwe," ankayankha Anesi, akumwetulira yekha pakati pa timbande.

"Ndikafa undiike pafupi ndi nazale, ndizikuona ukuthirira."

Tsiku lina analemba kuti: "Ine sindidzakusiya, ngakhale unditukwane m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi momwe."

Anesi anawerenga mawuwo mobwerezabwereza. Amuuze? Asamuuze? Ankalemba, n'kufufuta. Ankalembanso, mawu a Felix n'kumulira m'makutu.

Loweruka lina Hopewell anaoloka malire kukasiya kasitomala ku Milange. Anabwerako ndi jumbo yodzaza. Munali jinzi yothina, nkhuku yootcha yofiira ndi piripiri, ndi sopo wapinki wonunkhira maluwa.

Kwathu kuno, mnyamata akagulira mtsikana sopo ndiye kuti walankhula. Wanena kuti kuyambira lero, wosamala thupi limeneli ndine. Ndipo mtsikana wolandira sopo wa munthu amayenera kumveka fungo lake.

"Usambe ameneyu, amor," anatero Hopewell, kumutchula wokondedwa m'Chipwitikizi, maso akuwala. "Ndikamadutsa ndizidziwa kuti wadutsa apa ndi wanga."

Anesi anayang'ana jumboyo. Chilichonse m'menemo chinali moto kwa iye.

"Zikomo, mtima wanga," anatero. "Nkhukuyi ndikadyera kunyumba."

Kunyumbako ankakhala ndi msuweni wake Cathy, amene ankangodziwa kuti Anesi amapita kuchipatala mwezi ndi mwezi. Cathy anatsegula jumboyo n'kuimba kamluzu.

"Iwe, zonsezi ukundipatsa? Mutu wako ukuyenda bwino?"

"Tenga. Undisiyire pepala lokulungira sopoyo basi."

Pepalalo Anesi analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la bulauzi. Akakumana ndi Hopewell, mnyamatayo ankakoka mpweya n'kutsinzina.

"Eya. Fungo la wanga limenelo."

Anesi ankaseka, koma mumtima ankamva ngati wakuba. Sopo wachiwiri anabwera. Wachitatunso. Onse ankathera m'bafa mwa Cathy, mapepala n'kuthera m'bulauzi mwa Anesi.

Kenako m'mawa wina foni sinalire.

Anadikira mpaka masana. Analemba kuti, "Wadwala kodi?" Zii. Madzulo ndiye uthenga unafika.

"Achemwali Anesi, mukanangondiuza kuti pali wina amene akukugulirani sopo. Sindikanadzivutitsa."

Achemwali? Nanazi uja wapita kuti? Anesi anaimba foniyo, koma inangolira mpaka kuduka. Anathamangira m'nyumba n'kupeza Cathy akupesa tsitsi, atavala jinzi ija.

"Cathy, wakumana ndi Hopewell?"

"Wandinyamula popita kumsika. Bwanji?"

"Wanena chiyani?"

"Wandinunkhiza ngati galu wa apolisi. Kenako waona jinziyi. Ndikanati chiyani? Ndamuuza zoona, kuti sopo wake susamba, nkhuku yake sudya."

"Basi?"

Cathy anayang'ana kumbali.

"Ndangowonjezera kuti akufunse amene umakamuona kuchipatala mwezi uliwonse. Nanga ine ndikudziwa? Sundiuza kanthu."

 Anesi anakhala pamphasa. Akwiyire ndani? Cathy, amene sananame? Hopewell, amene sankadziwa? Kapena thupi lake lomweli?

Masiku otsatira anali ngati nkhungu ya m'phiri. Kawiri konse anaona njinga yobiriwira ikudutsa mumsewu wa esiteti, Cathy ali kumbuyo, atagwira m'chiuno mwa Hopewell, akuseka. Kodi anali kasitomala chabe? Nanga kugwira m'chiunoko? Cathy akabwera kunyumba, fungo la maluwa linkadzaza chipinda, ndipo Anesi sankadziwanso ngati sopoyo anali wakale uja kapena watsopano.

Nkhawa inadzutsa matenda. Kuyabwa kunabwerera ngati nyerere zolusa. Anapaka mankhwala, anamwa madzi, anapewa zonse zoyenera kupewa, koma mtima unalibe mankhwala opaka.

"Wakhala ukulira," anatero namwino atamuona. "Thupi limamva zimenezo. Pali mwamuna?"

"Analipo."

"Unamuuza?"

Anesi anapukusa mutu.

"Ndiye wakusiya chifukwa cha nkhani imene wapeka yekha. Bola akusiye chifukwa cha yoona."

Potsika minibasi tsiku limenelo, Anesi sanadutse anyamata a kabaza. Analunjika pamene panali njinga yobiriwira. Kingstone, mnzake wa Hopewell, anayamba kuseka.

"Hope, abwera aja oyenda wapansi. Pukuta nsapato, lero uyendanso."

Hopewell sanaseke.

"Ndikufuna tilankhule," anatero Anesi.

"Lankhulani."

"Osati pano."

Anapatukira kuseri kwa mtengo wa mango. Anesi anapisa m'bulauzi n'kutulutsa pepala lapinki, lofwifwa ndi thukuta.

"Fungo limene unkamva lija ndi ili. Sopo wako sindinasambepo ngakhale kamodzi."

Hopewell analiyang'ana pepalalo ngati waona njoka.

"Ndiye unkandipusitsa? Ndani ameneyo? Dokotala?"

"Palibe munthu. Ndimadwala."

Anamuuza zonse, maso ali pansi. Za kuyabwa, za khungu long'ambika, za mankhwala, za njinga, za tsabola. Anamuuza kuti si opatsirana. Anamuuzanso kuti satha.

Hopewell anakanda m'mutu. 

"Matenda a kumeneko, koma osapatsirana?"

"Eya."

"Ndipo sopo ndiye amawaputa? Sopo, wochotsa litsiro?"

"Eya."

"Sindikumvetsa, Anesi."

"Inenso sindimvetsa. Ndimangokhala nawo."

 Mnyamatayo anakwera njinga yake n'kupalasa osacheuka.

Anesi anayenda yekha m'minda ya tiyi, misozi ikugwera pa pepala lapinki. Lonjezo lija la Chilomwe ndi Chipwitikizi linali kuti? Anali atanena zoona, ndipo zoonazo zinamusiya pamalo omwewo pamene Felix anamusiya.

Foni inakhala chete mlungu wonse. Njinga yobiriwira sinaonekenso mumsewu wa esiteti. Ngakhale Cathy anayamba kudandaula kuti wa kabaza wake wasowa.

Lamlungu masana Anesi anali pakhonde akusenda nandolo pamene anamva belu la njinga. Hopewell anaima pampanda, jumbo ikulendewera pachiwongolero.

"Odi."

"Cathy kulibe," anatero Anesi, osadzutsa mutu.

"Sindinadzere Cathy. Uja ndinkamunyamula kuti uwawidwe mtima. Unali uchitsiru."

"Unatheka. Ndinawawidwa."

Hopewell anakhala pansi pakhondepo, patali pang'ono.

"Ndinapita kuchipatala kuja."

Anesi anasiya nandolo.

"Kukatani?"

"Kukafunsa. Koma ndinaopa kutchula dzina lako, poti ndi chinsinsi chako. Ndiye ndinanama kuti wodwala ndine."

"Iwe?"

"Ndinati kumandiyabwa, khungu latuwa, sopo amandiwotcha. Namwino uja anangoti, 'Chabwino achimwene, kwerani pabedipo, vulani tione.'"

Anesi anagwira pakamwa.

"Ndiye unavula?"

"Ndinagwira lamba ndi manja awiri! Ndinaulula pomwepo kuti ndadzera munthu wina. Mayi aja anaseka mpaka kupukuta magalasi. Sanandifunse kuti ndani. Anangondikhazika pansi n'kundiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani."

Anesi anayesa kuumitsa nkhope, koma kuseka kunamupulumuka, kosakanikirana ndi misozi.

"Nanga masiku ena onsewa unali kuti?"

"Ndinkaganiza. Sindikunamiza, ndinachita mantha. Mpaka pano dzina lija sindingalitchule, ndipo zina sindinazimvetse."

"Satha, Hopewell."

"Anandiuza."

"Padzakhala masiku amene sindidzafuna ngakhale kuti undikhudze."

"Zimenezonso anandiuza. Anati tidzapite limodzi, akatifotokozere tonse awiri."

Anam'patsira jumbo ija. Anesi anaitsegula mwamantha. Munali mapeyala akuluakulu, nsalu yofewa ya thonje, ndi botolo la vaselini wopanda fungo.

"Ndazungulira Milange yense kufuna chinthu chosanunkhira," anatero Hopewell. "Wogulitsa wina amafuna kundithira perefyumu waulere. Ndathawa."

Anesi anatsegula botololo n'kununkhiza. Silinkamveka kanthu.

"Nanga ukamadutsa uzidziwa bwanji kuti wadutsa apa ndi wako?"

"Adziwitsa anthu ndi amalume anga. Ndawauza kale. Akufuna kudziwa tsiku limene angakaonane ndi amalume ako ku Milonde."

Anesi anatseka botololo. Mutu unali udakali ndi mafunso. Adzapirira? Sadzatopa? Anamuyang'ana mnyamatayo, amene anali atagwiranso lamba wake osadziwa.

"Amalume akowo apite Loweruka," anatero pomaliza. "Koma ndiyenera kukawauza ndekha kaye."

"Tiye ndikuperekeze lero lomwe, nanazi wanga. Minibasi zikadalipo."

Anatsika limodzi kulowera kusteji, Anesi ali wapansi, Hopewell akukankha njinga. Atayandikira, Kingstone anaimirira pa pedulo n'kukuwa.

"Taonani wa kabaza wonyamula mphepo uja wabwerera!"

"Mphepoyo ndi ya alamu ako," anayankha Hopewell. "Ipatse ulemu."

Anesi anapisa m'bulauzi, n'kutulutsa pepala lapinki lija, n'kulipereka kwa Kingstone.

"Gwirani, achimwene. Muzinunkhirako."