Thumba la Dripi Losatha

Thumba lija linayenera kutha usiku woyamba womwewo. Ndinaliona ndi maso angawa, madzi achikasu atatsala pang'ono pansi, pulasitiki itakwinyika pa msomali. Koma m'mawa nditadzuka linali lodzaza, lofufuma, madontho akugwabe m'kachubu, tho, tho, tho, kulowa m'dzanja la mwana wanga Luso.

Ndiyambe bwino, ndathamanga. Chaka chimenecho mvula itangosiya, kwathu kuno ku Chintheche kunagwa malungo achilendo. Munthu ankatentha thupi, mfundo zonse kuphwanya mpaka kumayenda chowerama, koma akamubaya chala kuchipatala malungo osapezeka. Luso anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anayamba kudwala Lamulungu, Lolemba ndinamubereka kupita naye kuchipatala. Nesi anati ndi kachilombo ka udzudzu wina woluma masana, mankhwala okapha palibe, ndizimupatsa panado ndi madzi ambiri, ndibwerenso akamasanza kapena kutuluka magazi. Ndinatuluka ndi timapiritsi m'kapepala, mtima uli phuu. Kwathu munthu akachoka kuchipatala osabayidwa jakisoni timati sanamuthandize.

Lachiwiri masana mlamu wanga Agness, mlongo wake wa mwamuna wanga, anabwera ndi bambo wina wa malaya oyera, atanyamula bokosi losungiramo zozizira. Dzina lake Griffin. Agness anati amaika madripi kwa azungu ogona m'malo a alendo cha ku Kande.

"Mayi, za panado anzathu kunja anasiya kale," anatero Griffin, Chichewa chake cha ku Lilongwe, chosalala. "Kachilombo ka udzudzu kamaopa mavitamini. Koma osati omwa. Olowa mumtsempha, chindunji."

Anakhoma msomali pakhoma la pabalaza, pamwamba pa mphasa ya Luso, n'kukoloweka thumba. Luso sanalire pomubaya. Anangoyang'ana madziwo n'kunena kuti, "Ama, sikwashi ameneyu bwanji osangondipatsa ndimwe?" Tonse tinaseka.

Potuluka Griffin anaimika chala. "Zinthu ziwiri. Singano musaikhudze. Ndipo thumba lisaume. Likauma, mpweya ulowa mumtsempha, mwana basi. Ndibwera madzulo ndi lina."

Mwamuna wanga Zacharia anali ataima pakhomo, nkhafi paphewa. Iye ndi siginala, munthu amene amakhala m'bwato la nyali usiku kukopa usipa kuti anzake auzinge ndi khoka. Anafunsa kuti, "Lisaume?"

"Lisaume, bambo."

Zacharia anagwedeza mutu n'kupita kunyanja. Unali mdima wa mwezi, nthawi yomwe asodzi sagona kunyumba.

Griffin sanabwere. Ndinaimba foni yake mpaka batire kutsala pang'ono, ikungoti sakupezeka. Ndinakhala pambali pa Luso ndikuyang'ana madzi akutsika, ndikupemphera kuti atsike pang'onopang'ono. Kenako khanda langa Noel linayamba kulira kuchipinda. Ndinati ndikaliyamwitse ndibwere. Ndinali nditatha masiku awiri osagona. Nditatsegula maso kunja kunali kutayera. Ndinathamangira pabalaza mtima uli m'mwamba, ndipo ndi pamene ndinapeza thumba lili lodzaza.

Chitseko chinali chotseka, kamtengo kake kotsekera mkati kali m'malo mwake.

Zacharia atabwera ndinamuuza. Sanandiyang'ane, anali akusamba m'miyendo. "Ndiye kuti adokotala anabwera uli mtulo, NyaMhone. Iwe ukagona ng'oma ingalire pamutu pako."

"Nanga chitseko?"

"Mwana akupeza bwanji?"

Mwana ankapeza bwino, zoona. Tsiku limenelo anakhala tsonga, anadya kondowole, nsima yathu ya chinangwa, pang'ono ndi usipa awiri, n'kumanyoza Noel kuti ali ndi mutu ngati papaya. Ndinati mumtima, nesi uja akanaona. Za chitseko ndinazisiya.

Usiku wachiwiri ndinatsimikiza kuti sindigona. Nyali ndinazimitsa chifukwa kuwala kunkamupweteka Luso m'maso. Mdima unali wokhuthala, woti dzanja lako osaliona, ndipo kunja mwera unkawomba m'mitengo ya mango, malata akulira pamwamba. Thumba ndinkaliyeza ndi zala, kulikhudza pang'ono, ndipo nthawi iliyonse linali lophwa kuposa poyamba. Griffin osabwera. Noel analiranso, ndinalowa kuchipinda, ndinakhala pabedi ndi kumuika kubere.

Ndili pomwepo ndinamva kamtengo ka chitseko kakusuntha. Osati kugogoda, ayi. Kukwera pang'onopang'ono, ngati wina akukakankha ndi mpeni kudzera pampata. Kenako mapazi. Mapazi opanda nsapato, onyowa, omata pa simenti, tcha, tcha. Anaima pamene panagona mwana wanga. Ndinamva kupuma kwa munthu wamkulu, kupuma kothamanga, kenako kachitsulo kakugunda kapu, ngwe, ndiye kaphokoso kena kakang'ono ngati khoswe akulira, fyii, fyii, kambirimbiri.

Ndikanadzuka. Chotchinga pakati pathu chinali chitenje chokha. Koma sindinadzuke. Ndinamukanikiza Noel pabere kuti asatulutse mawu, ndipo ine, mayi wake wa Luso, ndinakhalabe pabedi mpaka chitseko chinatsekekanso.

Kutacha thumba linali lodzaza. Koma chikasu chake sichinali chowala ngati poyamba, chinali chambuu, ndipo pansi pake panadikha tinthu ngati ufa. Pa simenti panali mchenga. M'kachubu, pafupi ndi dzanja, munali magazi akuda otalika ngati chala.

"Ama," Luso anatero, mano akugundana, "kunabwera munthu. Anandigwira pachipumi. Manja ake ozizira."

"Unamuona nkhope?"

"Ayi. Koma sindinaope."

Dzanja linali litatupa, ndipo kamzere kofiira kanali katayamba kukwera kulowera kuchigongono. Ankanjenjemera ndi mabulangeti awiri.

Agness atabwera n'kuona magazi aja anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko. Chinali chaka chija mphekesera za anamapopa, anthu opopa magazi usiku, zinali ponseponse.

"Mlamu, tachita chiyani?" ananong'ona. "Griffin anthu anamuona Lachiwiri lomwelo akukwera minibasi ya ku Mzuzu ndi bokosi lake. Ndiye akulowa muno ndani? Ku Bandawe akuti mayi wina anadzuka ali mbuu ngati chinangwa choviika. Thumbali silikuthira, likukoka!"

"Munabwera nayetu ndinu."

"Ndinadziwa bwanji ine? Tiyeni naye kuchipatala."

Apa ndi pamene ndimafika ndikamaganiza. Kuchipatala ndi pafupi, ola limodzi silikwana wapansi. Koma ndinaona nkhope ya nesi uja, ndinamva kale mawu ake pamaso pa amayi onse a pamzere, akufunsa kuti singano iyi wakuikirani ndani. Ndinachita manyazi. Ndiye Zacharia, amene anali atagona atachokera kunyanja, anadzuka n'kunena kuti kunjenjemera ndi matenda akutuluka, dzulo mwanayu anadya, tidikire mawa. Ndinagwira mawu amenewo chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva.

Usiku wachitatu Noel ndinakamusiya kwa Agness. Ndinatenga chikwanje ndi foni, ndinakhala pakona kuseri kwa chitseko. Luso ankapuma mofulumira, nthawi zina kuyankhula zosamveka. Mphepo inali itasiya, moti ndinkamva chilichonse, chiswe m'denga, galu wa kutali, ndi madontho aja. Sindikudziwa kuti ndinakhala maola angati. Miyendo inachita dzanzi.

Kamtengo kanakwera. Chitseko chinatseguka, mphepo yozizira inalowa ndi fungo la nsomba ndi parafini. Chinthu chachitali chinandidutsa pafupi kwambiri moti dontho la madzi linandigwera paphazi. Chinagwada pamphasa. Ngwe, kapu ija. Ndinakweza chikwanje ndi dzanja limodzi, linalo ndinayatsa tochi ya foni.

Anali Zacharia. Kabudula wonyowa, sirinji pakamwa, fulasiki ya tiyi pakati pa mawondo.

"Bambo a Luso!"

"Shh, udzutsa mwana. Tsitsa chimenecho, ufuna undidule ngati chinangwa?"

"Ndinu? Masiku onsewa?"

"Nanga ukanafuna ndani?" Anayankhula motsitsa, osandiyang'ana. "Ndinamuona akukwera minibasi tsiku lomwe lija ndikupita kudoko. Ndinadziwa kuti sabwera. Ndikanakuuza ukanalira usiku wonse, mkaka n'kuuma. Ndiye ndinati, zaka khumi ndi ziwiri ntchito yanga ndi kuthira nyali isanazime. Ndilephere thumba la mwana wanga?"

Anandionetsa zonse, monyadira pang'ono. Sirinji anaitola kudzala komwe Griffin anataya. Mapiritsi a mavitamini, achikasu omwewo, anagula kugolosale, ankawaphwanya ndi supuni m'kapu. Madzi sankatunga m'mphepete momwe timachapa, ayi, ankatunga pakati penipeni pa nyanja pomwe ndi oyera, kuwawiritsa m'chitini padoko, kuwasefa pa mpango wake wa kutchalitchi. Pakati pa usiku ankasiyira mnzake nyali, kupalasa yekha mpaka kumtunda, kuthamanga, kuthira, kubwereranso.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaseka. Ndinakhala pansi n'kuseka misozi ikutuluka, chifukwa sanali namapopa, sinali mfiti, anali bambo wake. Mantha onse a masiku atatu anatsika ngati katundu.

"Taunika apa," anatero, "mumdima ndimavutika kupeza pobaya."

Ndinamuunikira. Ndinagwira foni bwinobwino, iye akukoka madzi m'kapu n'kubaya pakamphira ka thumba, fyii, fyii, mpaka linafufuma. Anamugwira Luso pachipumi, anati akutentha koma alimba uyu, n'kubwerera kunyanja.

Tambala asanalire kachiwiri Luso anayamba kugwedezeka thupi lonse. Ndinamuitana, anandiyang'ana ngati mlendo. Ndinakuwa, Agness anabwera ndi mwamuna wake, tinamukweza panjinga, ine ndikuthamanga pambali nditanyamula thumba m'mwamba kuti lisasiye kudontha. Mpaka pamenepo ndinkaliteteza.

Nesi anali yemwe uja. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anazula singano ija nthawi yomweyo, osaopa mpweya uliwonse, anaika yawo kudzanja linalo, anaitanitsa ambulansi ya kuchipatala chachikulu. Kenako anaboola thumba lathu, ananunkhiza, n'kundikokera pakhonde pomwe panalibe anthu.

"Mayi, muli chiyani umu?"

Ndinamuuza. Dzina sindinatchule.

Iye anati, "Matenda aja ana ambiri akuchira pa sabata. Za mavitamini a mumtsempha ena amanena kuti mwina amathandiza, ine sindinaone umboni wake. Koma madzi olowa mumtsempha si madzi owiritsa, mayi. Ngakhale muwiritse kakhumi. Tizilombo ndi zinyenyeswa za mapiritsi zapita m'magazi."

"Koma likanauma, mpweya..."

"Likanauma likanangoima. Mukanabwera naye, tikanachotsa, basi."

Basi. Mawu amenewo ndimawamvabe.

Zacharia anatipeza kuchipatala chachikulu masana, mamba a usipa adakali m'manja. Luso anamwalira Loweruka m'mawa, osatsegulanso maso.

Pamaliro anthu ankanong'onezana za Griffin, ena za anamapopa. Agness ankalira kuti ndi iye anabweretsa imfa pakhomo. Ine zoona zake ndinazisunga mumtima. Zacharia sanabwererenso kunyanja. Bwato lake lili chafufumimba padoko, ndipo kwa masabata awiri ankangokhala pakhonde, chakudya kubwerera momwe chapitira.

Dzulo ndikusenda chinangwa kuseri anabwera n'kukhala pa mtondo pafupi nane.

"NyaMhone, nesi uja anakuitanira pambali. Agness wandiuza."

"Eya."

"Usiku wachiwiri uja mwera unali waukulu, ndinachedwa kufika. Ndinapeza thumba litatsala pang'ono kuuma, magazi atayamba kubwerera." "Undiuze zoona. Mpweya unalowa nthawi imeneyo eti? Ndinachedwa ine?"

Ndinayang'ana manja ake, zikhatho zong'ambika ndi nkhafi, mausiku atatu kupalasa yekha mumdima. Ndinayang'ana anga amene anagwira foni.

"Simunachedwe, bambo a Luso. Nesi anati anali matenda omwe aja. Anakula okha."

Anapuma mpweya wautali, mapewa anatsika. "Yewu," anatero, kundithokoza m'Chitonga chathu. Kenako anafunsa ngati kwatsala chakudya. Ndinamupakulira, ndipo anadya mbale yonse, ine nditakhala pomwepo ndikumuyang'ana.