Maliro Opanda Mtembo

Dzuwa linali litapendekera kuseri kwa phiri, a Magret akuanula makaka pathandala, pamene mwana wawo Tikondane anatuluka m'nyumba atakupatira mphasa ndi nsalu yoyera. Tikondane ankaphunzira zojambula mafilimu pa koleji ina ku Blantyre. Kumudzi kuno ku Nazombe anabwera ndi ntchito yakusukulu: ajambule chiyambi cha filimu yoopsa, chachifupi, choti woonera thupi limuchite tsemwe.

"Nsaluyo ya chiyani?" anafunsa a Magret.

"Ya achimwene, amayi. Agona pamphasa ngati amwalira, anzanga akwaya azilira. Ndi sewero chabe."

"Iwe! Maliro saseweretsa. Ukufuna kutilaulira?"

"Amayi inu, m'mafilimu anthu amafa tsiku ndi tsiku, mawa mukumana nawo mu minibasi."

Noah, mchimwene wake wamkulu, anaseka akutsamiritsa njinga yake yakabaza pakhoma. "Bola kugona kusiyana ndi kupalasa. Ndifa bwinobwino, mlongo, usadandaule."

Anayala mphasa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi. Noah anagona, Tikondane namufunditsa nsalu, miyendo yokha ikuonekera, akatumba akabaza aja ali nga nga nga. Atsikana akwaya anafunda zitenje kumutu nayamba kulira, koma kulira kwake kunali kwa nthabwala, wina mpaka kupwetekedwa ndi phwete.

"Ayi, ayi! Lirani zenizeni!" anakalipa Tikondane, foni ili m'manja. "Ganizirani munthu wanu amene munamuika."

Apo mtsikana wina anakumbuka mayi ake. Anakweza mfuu yomwe inadutsa minda ya nandolo mpaka kutsidya kwa mtsinje, anzake nalandira. Posakhalitsa anthu anatulukira kumbali zonse, amayi akumanga zitenje m'chiuno akuthamanga, ena atayamba kale kulira asanadziwe womwalira. Tikondane sanasiye kujambula. Mumtima ankati filimu ndi imeneyi.

Noah atavundukula nsalu nadzuka akuseka, ena anathawa, ena anatukwana. Azakhali awo okha, a Zelifa, ndiwo anawaikira kumbuyo. "Asiyeni ana, ndi sukulu imeneyi."

A Dickson, mkulu wa adzukulu okumba manda, sanatukwane. Anangoyang'ana mphasa ija nthawi yaitali.

"Mwana iwe, mfuu imeneyi sitinaimve ife tokha," anatero, nabwerera kwawo.

M'mawa mwake a Magret anapeza mapazi opanda nsapato atazungulira nyumba, nathera pazenera la Noah. Mbuzi zinakana kutuluka m'khola. Pabwalo ponse pankamveka fungo la dothi lofiira longokumbidwa kumene, chonsecho mvula inali isanagwe. Kumjigo amayi ankanong'onezana. Wina anati anamva makasu akulira kumanda usiku wonse. Wina anati fisi anakhala pachulu cha kwa a Magret ngati mlendo wodikira chakudya.

Noah sanapite kukabaza. Anati akungomva tulo. Tsiku lotsatira anagona mpaka masana, ndipo a Magret atalowa anamupeza ali chagada, manja atawongoka m'mbali, monga momwe anagonera pamphasa paja. Anamutengera kuchipatala ku Boma. Anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, osapeza kanthu. Atabwerera kunyumba anasiya kudya, kenaka anasiya kuyankha, ndipo mapazi ake anayamba kuzizira.

Tikondane anadziuza kuti ndi kutopa. Anatenga laputopu yake kupita pagolosale yomwe amatchajitsa mafoni, nakhala pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo, kuti adule ndi kulumikiza zomwe anajambula. Anaika mahedifoni. Chithunzi chinali chokongola moti anamwetulira: kachisisira, nthochi zikugwedezeka, amayi akukhamukira pamphasa.

Kenaka anaona china. Kumiyendo kwa Noah kunagwada mayi wina, nkhope yonse itabisika m'chitenje. Sankalira. Pamene ena ankagubuduka, iye anatulutsa dzanja nagwira katumba wa Noah, nafinya ndi chala chachikulu, monga amachitira ogula mbuzi pamsika. Tikondane anabweza, nakweza mawu. Pansi pa kulira konse kuja panamveka kunong'ona, pafupi ngati munthuyo ali kukhutu kwake.

"Wanona."

Anatseka laputopu, nathamanga osaima mpaka kwa a Dickson. Anawapeza akusema mpini.

"Agogo, ndithandizeni. Achimwene akupita."

"Ndikudziwa. Unaitana anthu ku nyama, mwana iwe. Afiti akamva mfuu amanola mipeni. Abwera, apeza mtembo wadzuka. Ukuganiza abwerera chimanjamanja?"

"Nditani nanga? Ndifufute filimuyo?"

"Iwo alibe nayo ntchito filimu yako. Maliro akalirika, pamafunika pokwirira. Kadule thunthu la nthochi lalitali ngati Noah. Ulikulunge munsalu yomwe ija ndi mphasa yomwe ija. Tikaliika kumapeto kwa manda dzuwa lisanalowe. Koma ulire, wamva? Afitiwo akakayikira, tataya munthu."

Anachita momwemo. A Dickson anakumba ndi adzukulu anzawo. A Magret anatsala kunyumba atagwira dzanja la Noah. Pamene thunthu lija linkatsitsidwa m'dzenje, Tikondane anaona mmene nsalu inaumbikira, mutu uku, mapazi uku, ndipo anakumbuka mmene Noah ankamukwezera pakabaza kupita naye kusiteji, akukana ndalama. Panalibenso womuuza kuti alire zenizeni. Analira mpaka mawu anasasa, ndipo m'mitengo yakumanda, momwe munalibe mphepo, masamba anachita phokoso ngati anthu akusendera pafupi.

Kutacha, a Dickson anabwera nkhope ili gwa. Dzenje linali lofukulidwa. Nsalu inali yong'ambikang'ambika, ndipo thunthu lija linali litatafunidwa mpaka pakati, mano a anthu akuonekera.

"Adya," anatero. "Azindikira mochedwa, koma adya."

Nthawi yomweyo m'nyumba munamveka mawu ofooka. "Amayi, kulibe kaphala?"

A Magret anagwada pansi, kuthokoza Mulungu misozi ili chuchuchu. Tikondane anakoleza moto. Pofika masana Noah anali atakhala pakhonde, atatsamira khoma, miyendo atatambasula, akumwa phala pang'onopang'ono. Anthu anayamba kubwera kudzazonda.

A Zelifa anafika pomalizira, akuyenda mogwira pamimba.

"Mwadwala, azakhali?" anafunsa Tikondane, akuwapatsa mpando.

"M'mimba, mwanawe. Ndinadya zosayenera."

Mpandowo sanakhalepo. Anagwada kumiyendo kwa Noah, natulutsa dzanja m'chitenje. Anagwira katumba, nafinya ndi chala chachikulu. Tikondane anabwerera m'mbuyo. A Zelifa anacheuka namumwetulira, ndipo pakati pa mano awo panali patatsakamira kaulusi koyera ka nthochi.

"Alamu," anatero a Zelifa kwa a Magret, maso ali pa Tikondane, "mwanayu waonda. Muzimudyetsa bwino."